Fomu Yofufutika: Moyo wa Activity ndi Fragment M'kati mwa Foni

Ndiyambe ndi azakhali anga.

Azakhali angawa amagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika. Tsiku lina Loweruka anandiitana kuti ndikawathandize kulembetsa pa pulogalamu ina ya pafoni. Ndinawapeza pakhonde atavala magalasi, kafoni kawo kong'aluka pakona kali m'manja, akulemba ndi chala chimodzi. Dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Tsamba loyamba linatha, lachiwiri linatha. Patsamba lachitatu pulogalamu ija inati ajambule chiphaso chawo. Anayala chiphasocho pachitenje, kamera inatseguka, anajambula, n'kudina kachizindikiro kovomera. Sikirini inayera kwa kanthawi, kenako inabwerera patsamba loyamba. Mabokosi onse anali opanda kanthu.

Anayambiranso. Zinachitikanso chimodzimodzi. Kachitatu anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mwanangu, foniyi yatha, kapena ndine ndikulakwitsa?"

Ndinati, "Ayi azakhali, inu simukulakwitsa, ndipo foni yanu ili bwino." Ndinayankha mosakayika chifukwa ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a m'mafoni, ndipo cholakwa chimenechi ndinachichitapo ndi manja anga. Amene analemba pulogalamu ija sanaganizire za chinthu chimene pantchito yathu timachitcha lifecycle, kutanthauza moyo wa pulogalamu: kubadwa kwake, kuonekera kwake, kubisika kwake ndi kufa kwake. Ndikufuna ticheze za chimenechi. Achinyamata amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, sendezani wailesi pafupi. Ena nonse musachoke, chifukwa nkhaniyi ndi ya foni imene ili m'thumba mwanumo.

Android inayamba ngati kampani yaing'ono ku Palo Alto, ku California, mu 2003, ndipo mmodzi mwa oyambitsa anali Andy Rubin. Google inaigula mu 2005. Foni yoyamba kugulitsidwa ndi Android inatuluka mu 2008, ya HTC, imene ku America inkadziwika kuti T-Mobile G1. Foni imeneyo inali ndi RAM yokwana mamegabayiti 192 okha. RAM ndi malo amene foni imayalapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndipo ndi yosiyana ndi malo osungira zithunzi ndi nyimbo. Ine ndimakonda kuiyerekeza ndi mphasa. Katundu wa m'nyumba ali m'chipinda, koma alendo amakhala pamphasa, ndipo mphasa ili ndi polekezera.

Amene ankapanga Android anali ndi mphasa yaing'ono koma ankafuna kuti munthu azitha kulumpha kuchoka pa mapu kupita pa uthenga, kuchoka pa uthenga kupita pa intaneti, osavutika n'kutseka chilichonse. Ndiye anagamula kuti mwini wa mphasa akhale Android. Pulogalamu iliyonse ndi mlendo. Alendo akachuluka, mwininyumba amayang'ana amene wakhalitsa osalankhulidwa n'kumudzutsa kuti pakhale wina. Amene mukucheza naye pa nthawiyo amasiyidwa kufikira mapeto. Amene akuoneka pang'ono, kapena akugwira ntchito imene mukuimva monga kuimba nyimbo, amatetezedwa. Koma amene munamusiya kumbuyo ndiye woyamba kudzutsidwa, ndipo sapemphedwa.

Tsopano, Activity n'chiyani? Mwachidule, ndi sikirini imodzi ya pulogalamu pamodzi ndi khodi yoiyendetsa. Wolemba pulogalamu sauza Activity kuti "yamba tsopano". Android ndiyo imagogoda, ndipo wolemba amangokonzekera choyankha pa kugogoda kulikonse. Kugogodaku kuli ndi mayina ake achingerezi, ndipo ndiwatchula momwe alili chifukwa ndi mmene mukawapezere pakompyuta.

Mukadina chizindikiro cha pulogalamu, Android imaitana onCreate. Apa ndi pobadwa: sikirini imamangidwa, mabatani amaikidwa m'malo mwake. Kenako onStart, pamene sikirini yayamba kuonekera. Kenako onResume, pamene yafika kutsogolo ndipo chala chanu chikakhudza imayankha. Pochoka njira yake ndi yomweyo mobwerera: onPause, yasiya kukhala patsogolo, onStop, yabisika, onDestroy, yachotsedwa. Ali awiriawiri ngati khomo lolowera ndi lotulukira: onCreate ndi onDestroy, onStart ndi onStop, onResume ndi onPause. Palinso wachisanu ndi chiwiri, onRestart, woitanidwa pamene Activity imene inabisika ikubwerera isanafe.

Kuloweza mayinawa n'kosavuta, wophunzira aliyense amawaloweza tsiku limodzi. Chimene chimatenga nthawi ndi kudziwa choika pa khomo lililonse. Lamulo limene ndimauza anyamata ndi atsikana amene ndimawaphunzitsa ndi lakuti chimene wabwereka polowa ubweze pa khomo lofanana nalo potuluka. Tiyerekeze pulogalamu yoonetsa pamene muli pa mapu. Ikayatsa GPS pa onStart, iyenera kuizimitsa pa onStop. Wolemba akaiwala, GPS imapitiriza kumwa batire foni ili m'thumba. Kwa munthu amene ali ndi magetsi usana ndi usiku ndi nkhani yaing'ono. Kwa munthu amene amalipira kuti atchaje foni pagolosale, kapena amadikira dzuwa kuti sola igwire, ndi ndalama yake imene ikutayika chifukwa cha mzere umodzi umene wina sanalembe.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Mukachoka pa sikirini yoyamba kupita pa yachiwiri, yoyamba siyamba yatha kaye. Dongosolo lake ndi ili: yoyamba imalandira onPause, kenako yachiwiri imabadwa, kuonekera ndi kufika kutsogolo, ndipo pambuyo pake m'pamene yoyamba imalandira onStop. Izi zikutanthauza kuti yachiwiri imadikira kuti yoyamba imalize onPause. Wolemba akaunjika ntchito yolemera pamenepo, monga kusunga fayilo yaikulu, inu mumaona foni ikuchedwa n'kumaganiza kuti yakalamba. Ndipo pulogalamu ikakhala masekondi 5 osayankha chala chanu, Android imatulutsa kabokosi kaja kokufunsani ngati mudikire kapena muitseke. Ife timakatcha ANR, ndipo palibe wolemba mapulogalamu amene amakondwa kukaona.

Komanso onPause satanthauza kuti munthu wasiya kuona. Kuyambira pa Android 7.0, ya mu 2016, mapulogalamu awiri amatha kugawana sikirini, ina pamwamba ina pansi. Munthu akhoza kumaonera kanema pamwamba kwinaku akulemba uthenga pansi. Amene analemba kuti kanema aziima pa onPause anapeza kanema akuima munthu akumuyang'ana. N'chifukwa chake malangizo a Google amati kanema aziimitsidwa pa onStop. Pa Android 10, mu 2019, anasinthanso kuti masikirini onse ogawana malo azitha kukhala pa onResume nthawi imodzi. Lifecycle si chinthu chophunzira kamodzi n'kuika buku pashelefu.

Tifike pa imfa, chifukwa Activity imafa m'njira zitatu, ndipo kusokoneza njirazi ndiye gwero la mavuto ambiri.

Yoyamba ndi yofuna mwini: mwamaliza, mwabwerera m'mbuyo, kapena mwaikankha pulogalamuyo pa mndandanda wa zimene munatsegula. Apa palibe mlandu. Mwaitseka nokha, simukuyembekezera kuti ikumbuke pamene munalekezera.

Yachiwiri imadabwitsa wophunzira aliyense tsiku loyamba. Mukangopendeketsa foni kuti igone cham'mbali, Android imapha Activity yonse n'kubereka ina yatsopano. onPause, onStop, onDestroy, kenako onCreate, onStart, onResume, zonse m'kuphethira kwa diso. Zimachitikanso mukasintha chilankhulo cha foni, mukakulitsa zilembo, kapena mukasintha sikirini kukhala yakuda. Chifukwa chake chilipo ndipo n'chomveka: sikirini yogona ikhoza kufuna maonekedwe ena, chilankhulo china chikufuna mawu ena, ndiye m'malo mosoka zigamba Android imamanganso zonse ndi zipangizo zoyenera. Koma chilichonse chimene wolemba anangochigwira m'manja mwa Activity yakale, monga nambala yowerengera kapena mndandanda umene unachokera pa intaneti, chimapita nayo kumanda. Mukaona pulogalamu ikuyambiranso kukoka zinthu pa intaneti mutangotembenuza foni, dziwani kuti bandulo yanu ikulipira kawiri chinthu chimodzi.

Yachitatu ndiyo inagwera azakhali anga. Timaitcha process death. Pamene iwo anadina kuti ajambule, pulogalamu yolembetsa ija inapita kumbuyo, inalandira onPause ndi onStop, ndipo kamera inabwera kutsogolo. Kamera ndi mlendo wonenepa, imafuna malo ambiri pamphasa. Kafoni kawo kali ndi RAM yochepa, ndipo kumbuyo kunali kale WhatsApp ndi zina. Android inayang'ana wodzutsa, ndipo inadzutsa pulogalamu yolembetsa yonse. Mvetsani bwino apa, inu olemba mapulogalamu: pa imfa iyi onDestroy saitanidwa n'komwe. Palibe kutsanzikana. Amene anaika ntchito yosunga zinthu mu onDestroy anaika chuma chake pa khomo limene pulogalamu sidzadutsapo.

Komabe Android si mwininyumba wankhanza. Mlendo akamabisika, imamupatsa kakalata kuti alembepo pamene walekezera. Kugogoda kumeneku kumatchedwa onSaveInstanceState, ndipo kakalatako ndi Bundle. Musasokoneze ndi bandulo yogula ya intaneti, dzina lokha ndilo likufanana. Kakalatako kamasungidwa ndi Android yeniyeniyo, kunja kwa pulogalamu, kotero pulogalamu ikaphedwa iko kamatsala. Munthu akabwerera, Android imabereka Activity yatsopano n'kuipatsa kakalata kaja pa onCreate. Wolemba wosamala amakawerenga, n'kubwezera munthu patsamba lachitatu, zolemba zake zonse zili momwemo, chithunzi cha chiphaso chili pamalo pake. Munthuyo sadziwa n'komwe kuti pulogalamu inafa n'kudzuka.

Android imathandizanso payokha: bokosi lolembamo mawu likapatsidwa dzina lake lolizindikiritsa, zolembedwamo zimalowa mu Bundle popanda wolemba kuchitapo kanthu. Koma zimenezi zimagwira pa zooneka pa sikirini basi. Mayankho a tsamba loyamba ndi lachiwiri, amene wolemba anawaunjika penapake mu RAM kudikira kuwatumiza pamodzi, Android sikuwadziwa. Ndikukhulupirira kuti pulogalamu ya azakhali ija inadzuka, inafufuza mayankho aja, inapeza palibe, n'kuwabweza koyambirira.

Ndanena kuti cholakwachi ndinachichitapo. Ndinalemba pulogalamu yoti alangizi azilembera alimi ndi matumba a chimanga amene abweretsa. Ndinaiyesa pa foni yanga yantchito, yokhala ndi RAM yambiri, ndipo inkayenda bwino kwambiri. Itafika kumudzi, mlangizi mmodzi anandiimbira madzulo mawu ake atatopa. Anati akalemba alimi angapo n'kulandira foni, kapena kupita pa kakyuleta, pobwerera akupeza mndandanda wonse wapita, ndipo alimi ena anali atabwerera kale kwawo. Anayenda pa njinga tsiku lotsatira kukawafunsanso mmodzimmodzi. Usiku umenewo sindinagone bwino. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anawataya ndinali ine, nditakhala pampando mu ofesi.

Kuchokera pamenepo ndimagawa zinthu patatu ndisanalembe mzere uliwonse. Tinthu ting'onoting'ono tonena pamene munthu ali, monga tsamba limene wafika kapena mawu amene akulemba, timapita mu Bundle. Ndikuti ting'onoting'ono chifukwa njira imene Bundle imadutsa ili ndi malire a pafupifupi megabayiti imodzi, yogawana ndi zina, ndipo kuyambira pa Android 7.0 ukaiposa pulogalamu imagwa. Chithunzi sichilowa mmenemo, mumalowa adiresi ya pamene chithunzicho chasungidwa. Zinthu zolemera zimene sikirini ikugwiritsa ntchito, monga mndandanda wochokera pa intaneti, zimakhala mu ViewModel. Ichi ndi chida chimene Google inalengeza pa msonkhano wake wa I/O mu 2017, chaka chomwe inavomerezanso chilankhulo cha Kotlin polemba mapulogalamu a Android. ViewModel imapulumuka foni ikatembenuzidwa: Activity yakale imafa, yatsopano imapeza ViewModel yomwe ija ili chidikirire. Koma chenjerani, ViewModel nayo imakhala pamphasa. Pulogalamu yonse ikadzutsidwa, nayo imapita. Ndaona olemba aluso akukodwa apa, akuganiza kuti poti ayesa kutembenuza foni ndiye kuti atha. N'chifukwa chake a Google anawonjezerapo SavedStateHandle, yolumikiza ViewModel ndi kakalata kaja. Ndipo chachitatu, chilichonse chimene munthu wakhetsera thukuta, dzina la mlimi, nambala ya matumba, fomu ya masamba atatu, chilembedwe m'nkhokwe ya m'foni nthawi yomweyo, m'database monga Room, osadikira kuti adine batani lomaliza.

Tsopano tilowe kwa Fragment, kumene ngakhale akatswiri amakanda mutu.

Mu 2011 Google inatulutsa Android 3.0, yotchedwa Honeycomb, yopangidwira matabuleti, ndipo yoyamba inali Motorola Xoom. Sikirini ya tabuleti ndi yaikulu. Pa foni mumaona mndandanda wa mauthenga, mukadina umodzi mumapita pa sikirini ina. Pa tabuleti pali malo oti mndandanda ukhale kumanzere, uthenga wotsegulidwa kumanja. Panafunika kachidutswa ka sikirini kokhala ndi khodi yakeyake, kotheka kukaika kokha pa foni kapena pamodzi ndi kanzake pa tabuleti. Kachidutswa kameneka ndiko Fragment. Dianne Hackborn, mmodzi mwa mainjiniya akuluakulu a Android, ndiye analemba nkhani yoidziwitsa kwa olemba mapulogalamu chaka chimenecho.

Fragment siima payokha. Ili ngati mwana woberekedwa kumsana: mayi akaima naye waima, mayi akakhala pansi naye wakhala. Activity ikalandira onStop, ma Fragment ake onse amalandiranso onStop, ndipo Fragment singafike pa onResume mayi ake asanafikepo. Koma ili ndi makomo ena owonjezera. Pali onAttach, pamene yaberekedwa kumsana, ndi onDetach, pamene yatsitsidwa. Ndipo pakati pali onCreateView, onViewCreated ndi onDestroyView. Atatu awa ndiwo mtima wa nkhani, chifukwa akutiuza kuti Fragment ili ndi miyoyo iwiri: moyo wa iyo mwini, ndi moyo wa zimene ikuonetsa.

Taganizirani wogulitsa kaunjika. M'mawa amayala zovala pabenchi, madzulo amasonkhanitsa, mawa amayalanso. Munthu ndi yemweyo, koma kayalidwe ka lero si ka dzulo. Mukachoka pa Fragment ina kupita pa ina, yoyambayo n'kuikidwa pa mulu wobwererapo umene timautcha back stack, zooneka zake zimaphwasulidwa pa onDestroyView, koma iyo imakhalabe moyo. Mukabwerera, imayalanso zatsopano pa onCreateView. Wolemba amene sanamvetse izi amagwa m'maenje awiri. Loyamba, amapitiriza kugwira mabatani ndi zithunzi za sikirini yakale imene inaphwasulidwa kale. Zinthu zakufazo sizingachotsedwe pamphasa chifukwa wina akuzigwira, ndipo malo amanka nachepa. Timati memory leak, kudontha kwa memori. Lachiwiri, nthawi iliyonse imene Fragment yayalanso, amaika mlonda watsopano woyang'anira kusintha kwa zinthu, pomwe mlonda wakale sanachotsedwe. Munthu akapita n'kubwerera katatu, alonda atatu amayankha chinthu chimodzi, ndipo uthenga umodzi umatuluka katatu. Ngati chinthucho chikukhudza ndalama, mukuona nokha kukula kwake. Mankhwala ake alipo: mlonda amangiriridwe ku moyo wa zooneka, umene umatchedwa viewLifecycleOwner, ndipo zogwira zonse zitayidwe pa onDestroyView.

Pali dzenje lina limene kuno kwathu limakula chifukwa cha netiweki. Fragment yatuma funso pa intaneti. Kumene intaneti ili yothamanga yankho limabwera munthu asanaphethire, ndiye wolemba saona vuto. Koma kumene netiweki imabwera n'kupita, yankho likhoza kufika patatha masekondi ambiri, munthu atatopa n'kuchoka pa sikiriniyo. Yankho lija likufika, khodi ikufunafuna Activity kuti ionetse zotsatira, koma mwana anatsitsidwa kale kumsana. Pulogalamu imagwa pomwepo. Chimodzimodzi ngati khodi iyesa kusintha Fragment pambuyo poti kakalata kaja kalembedwa kale: Android imakana ndi cholakwa chotchedwa IllegalStateException, chifukwa kusinthako sikungalowenso m'kalata, ndipo pulogalamu itafa n'kudzuka kukanatayika. Kukana kumeneku kumakwiyitsa ophunzira, koma ine ndimakuona ngati chifundo. Kuli bwino igwe pa tebulo la wolemba kusiyana n'kuti inamize munthu kumudzi.

Kanthu komaliza pa Fragment: Android ikamaidzutsa pambuyo pa imfa, imaipanga yokha, ndipo mwachizolowezi imafuna njira yoipangira yopanda katundu aliyense. Wolemba amene anaipatsira nambala ya kasitomala pamanja poibereka adzapeza kuti yodzutsidwayo ilibe nambalayo, mwinanso yalephera kubadwa. Katundu wotere amaikidwa mu arguments, yomwenso ndi Bundle, kuti adutse nawo imfa.

Si ine ndekha amene ndimaona kuti Fragment inabadwa ndi zingwe zambiri. Mu 2014 Pierre-Yves Ricau, injiniya wa kampani ya Square ku San Francisco, analemba nkhani yotchuka yolangiza anzake kuti aisiye, ndipo chaka chotsatira anatulutsa LeakCanary, chida chaulere chimene chimakuchenjeza memori ikamadontha. Google nayo inamva madandaulo. Mu 2018, pa Android 9, inasiya kulimbikitsa Fragment yomangidwira m'kati mwa foni, n'kuuza anthu kuti azigwiritsa ntchito ya mu AndroidX, imene imakonzedwa popanda kudikira kuti foni ilandire Android yatsopano. Kwa ife zimenezi n'zofunika, poti mafoni ambiri amene anthu ali nawo salandira Android yatsopano kawirikawiri. Mu 2021 kunabwera Jetpack Compose, njira yomangira sikirini imene munthu angathe kugwiritsa ntchito popanda Fragment n'komwe.

Ndiye wachinyamata wina anandifunsa, "Akulu, poti kwabwera Compose, tivutikirenji ndi zakalezi?" Ndinamuyankha kuti Compose imakhalabe m'kati mwa Activity, foni ikatembenuzidwa Activity imafabe, mphasa ikadzaza pulogalamu imadzutsidwabe. Mu Compose muli remember ndi rememberSaveable, ndipo kusiyana kwa awiriwa ndi nkhani yomweyi: woyamba amaiwala Activity ikafa, wachiwiri amalemba m'kakalata. Komanso ukalembedwa ntchito sudzapeza munda wosalimidwa. Udzapeza pulogalamu ya zaka zambiri yodzaza ma Fragment, ndipo adzakuuza kuti uikonze.

Mwina wina akuti mafoni amasiku ano ali ndi RAM yochuluka, za 2008 zinapita. Mafoni odula alidi nayo. Koma Google yomweyo mu 2017 inalengeza Android Go, imene panthawiyo inapangidwira mafoni a RAM ya gigabayiti imodzi kapena kucheperapo, chifukwa ikudziwa kuti anthu ochuluka padziko amagula mafoni otsika mtengo. Lowani mu shopu ya mafoni ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Chipata, muone ma itel ndi ma Tecno ang'onoang'ono amene anthu akutuluka nawo. Mapulogalamu anenepa kuposa kale, ndipo mphasa ya mafoni amenewa ikadali yopapatiza. Imfa imene wolemba wa foni yodula amaiona mwa apo ndi apo, mwini kafoni kotere amakumana nayo tsiku lililonse: akapita kukawerenga nambala yachinsinsi imene yabwera pa SMS, akalandira foni, akatsegula kamera.

Ndiye inu amene mukuphunzira, chitani izi sabata ino. Lembani kapulogalamu ka sikirini imodzi yokhala ndi Fragment imodzi. Pa khomo lililonse ikani mzere wolemba dzina la khomolo mu Logcat, malo a pakompyuta oonetsa zimene pulogalamu ikulemba. Kenako sewerani nako mukuyang'ana pakompyuta: tembenuzani foni, zimitsani sikirini, dziimbireni ndi foni ina, sinthani chilankhulo. Mudzaona zinthu zimene buku silinakuuzeni, mwachitsanzo kuti kabokosi wamba ka uthenga sikaitanitsa onPause, koma kabokosi kopempha chilolezo cha kamera kamaitanitsa, chifukwa iko ndi Activity ina. Mukatero pitani ku Settings, pa About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, ndipo yatsani Don't keep activities. Activity iliyonse izifa mukangoichoka. Dziwani kuti imeneyi ndi theka chabe la mayeso, chifukwa imapha Activity koma pulogalamu imatsala moyo. Kuti muone imfa yeniyeni, tumizani pulogalamu kumbuyo n'kuipha kuchokera pakompyuta ndi lamulo la chida chotchedwa adb, kenako ibwezeni kudzera pa mndandanda wa zotsegulidwa. Ndipo musanapereke ntchito kwa aliyense, bwerekani foni yotsika mtengo kwambiri imene mungaipeze, ya mlonda, ya agogo, ya mwana wasukulu, mutsegulemo zonse zimene mwini wake amatsegula, n'kudzaza fomu yanu kuyambira poyamba mpaka pa kamera.

Tsiku lija pakhonde tinamaliza pa ulendo wachinayi. Ndinazimitsa foni n'kuiyatsanso kuti mphasa ikhale yopanda alendo, ndipo tinathamangira kujambula mapulogalamu ena asanadzuke. Dzuwa linali litalowa, ndipo nyemba zimene azakhali anafuna kusankha tsiku limenelo zinali zikadali m'lichero. Ndisananyamuke ndinaona kuti pakati pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu iwo anali atang'amba pepala m'kope la mdzukulu wawo n'kulembapo zonse: dzina monga lilili pachiphaso, nambala yake, mudzi, mfumu yaikulu. Analipinda kanayi n'kulilowetsa kuseri kwa chikuto cha foni. Anati, "Likhale momwemu, mwanangu, mwina idzaiwalanso."